Ndinabadwira ku Zomba koma pasipoti yanga ndi ya UK: ndikalowe ndi iti popita kukamanga chiliza?

NaZomba_Leeds
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, chonde ndithandizeni maganizo. Ine ndinabadwira ku Zomba, ndinabwera kuno ku UK mu 2006 kudzagwira ntchito ya unamwino, ndipo mu 2014 ndinatenga unzika wa kuno. Pasipoti yanga ya Malawi ndinapangitsa mu 2012, inatha mu 2022, ili m'sutikesi mpaka lero. Bambo anga anatisiya chaka chatha ndipo maliro awo sindinawaone. Achibale agwirizana kuti mu Ogasiti timange chiliza. Ndikufuna ndipite ndi ana anga awiri pamodzi ndi bambo awo. Iwo adzabwerera msanga chifukwa cha sukulu, koma ine ndikufuna nditsale miyezi inayi ndi mayi, poti nawonso thupi silili bwino. Tsono ndikalowe ndi pasipoti iti? Ndikangolowa ndi ya UK sakandivuta poona kuti yalembedwa kuti ndinabadwira ku Zomba? Kapena ndithamangire kukonzetsa ya Malawi? Chinanso, pa ya UK pali dzina la amuna anga, pa ya Malawi pali dzina la bambo anga.

Mbiya_ya_Dowa
Pepani ndi zovutazo achemwali. Ambuye akutonthozeni.

Chikopa77
Lowani ndi ya UK basi. Ine ndinapita mu 2024, sanandifunse kanthu, anangodinda. Pasipoti yotha ntchito siyendera, imeneyo isiyeni m'sutikesi momwemo.

KapitaoWaKuNdirande
Mapanga awiri avumbwitsa. Munasankha kukhala azungu, lero mukufunanso kukhala Amalawi. Sankhani kumodzi.

NaZomba_Leeds
A Kapitao, sindinasankhe kukhala mzungu. Ndinasankha kuti ana anga asadzathamangitsidwe m'dziko lomwe anabadwira, komanso kuti ndisamapereke ndalama zankhaninkhani zokonzetsa chilolezo chokhalira kuno. Mankhwala a mayi anga, fizi ya ana a mchimwene wanga, malata a nyumba ya kumudzi, zonsezo zachokera pa ntchito yomweyi. Mchombo wanga uli ku Zomba.

Gogo_Nasibeko
A Kapitao, munthu akulira bambo ake. Mawu otere asungeni kaye.

Mlembi_wa_Kale
Achemwali a ku Leeds, pepani ndi imfa ya bambo. Ndilemba motalikirapo chifukwa funso lanu lili ndi mafunso atatu m'kati mwake, ndipo ambiri amawaphatikiza.

Loyamba si la pasipoti ayi, ndi la unzika. Lamulo la unzika la Malawi ndi la 1966, ndipo kwa zaka zoposa 50 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Munthu wamkulu akatenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwake, wa Malawi unkatha pomwepo. Panalibe wobwera kudzakulandani pasipoti, panalibe kalata yokudziwitsani, koma pamaso pa lamulo munali mutasiya kukhala nzika. Mwana yekha ndiye ankaloledwa kukhala ndi ziwiri, koma akafika zaka 21 ankayenera kusankha. Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi mu Disembala 2018, pamene inavomereza kuti Mmalawi wobadwira m'dziko muno kapena wobadwa kwa makolo Achimalawi akhoza kukhala ndi unzika wa dziko linanso. Inu munalumbira ku UK mu 2014, lamulo lakale lidakalipo. Ndiye kuti pasipoti ya 2012 ija, ngakhale inalembedwa kuti idzatha mu 2022, mphamvu yake inatheratu tsiku lomwe munalumbiralo.

Lamulo latsopanoli linatsegula khomo, koma silinanyamule munthu n'kumulowetsa. Amene anataya unzika ayenera kupempha kuti ubwezeretsedwe, kudzera ku nthambi ya Immigration kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kwa inuyo ndi ku London. Akakuvomerani, apo ndiye mungayambe kukamba zopangitsa pasipoti yatsopano.

Lachiwiri ndi la ulendo wa Ogasitiwu. Ngati za unzikazo sizinathe pofika tsiku lonyamuka, inu ndinu nzika ya UK yokacheza ku Malawi, ndipo mukalowa ndi pasipoti ya UK. Palibe cholakwa pamenepo. Mawu akuti Zomba pa pasipotiyo akungonena komwe munabadwira. Sakukupatsani ufulu wina, sakukuchotseraninso kanthu.

Lachitatu ndi miyezi inayi yomwe mukufuna kukhalayo. Apa ndiye pali msampha. Mlendo pachipata amamudindira masiku 30. Akhoza kukawonjezetsa ku maofesi a Immigration, koma masiku onse pamodzi amathera pa 90. Miyezi inayi yapitirira pamenepo.

NaZomba_Leeds
A Mlembi, zikomo kwambiri, ngakhale mtima wanga wasweka powerenga. Ndiye kuti kuyambira 2014 sindine Mmalawi? Ine ndimayesa kuti bola pasipoti ili m'manja mwanga ndiye kuti zonse zili bwino. Mu 2016 ndinapita kumudzi ndipo ndinalowa ndi ya Malawi yomweyo.

Mlembi_wa_Kale
Ambiri anachita chimodzimodzi, ena mosadziwa ngati inuyo. Umalawi wa m'magazi palibe angakulandeni. Ine ndikukamba za pepala lokha, chifukwa wa pachipata amaona pepala.

Chikopa77
Nanga bwanji osangopita kukakonzetsa ya Malawiyo mwakachetechete? Adziwa ndani kuti muli ndi ya UK? Anthu ambiri atero.

Mlembi_wa_Kale
Ayi a Chikopa, langizo limenelo ndikulikana. Pofunsira pasipoti munthu amasaina kuti zomwe walemba ndi zoona, ndipo kunama pa fomu ya boma ndi mlandu. Kale anthu ankabisa chifukwa njira ina kunalibe. Lero njira yoongoka ilipo, ndiye kudzeranji pawindo khomo lili lotsegula? Komanso taganizirani: munthu wakhala ku UK kuyambira 2006, pasipoti yake ya Malawi ilibe viza ya UK yomwe ikugwira ntchito, ndiye akamufunsa kuti mukukhalako bwanji ayankha chiyani?

Amai_a_Tamanda_Jhb
Ndikuvomereza zomwe anena a Mlembi. Ndiwonjezereko za kuno ku Joni, mwina zithandiza ena omwe akuwerenga. Kuno lamulo ndi lolembedwa poyera: nzika ya South Africa yomwe ndi wamkulu iyenera kulowa ndi kutuluka m'dziko muno ndi pasipoti ya South Africa, ndipo kugwiritsa ntchito ya dziko lina pachipata cha kuno ndi mlandu. Ndiye ine ndikamapita kumudzi ku Mangochi, pa bwalo la ndege la OR Tambo ndimatulutsa ya kuno, ndikatera ku Chileka ndimatulutsa ya Malawi. Pobwerera ndimatembenuza: ku Chileka ya Malawi, ku OR Tambo ya kuno. Ndimaziika m'matumba awiri osiyana a chikwama kuti ndisasokoneze.

Phiri_wa_Indiana
Kuno ku America n'chimodzimodzi. Nzika ya America imalowa ndi kutuluka ndi pasipoti ya America, palibe kukambirana. Ndipo ya kuno imalemba dzina la dziko lomwe unabadwira, ndiye yanga yalembedwa kuti Malawi. Nditapita mu 2019 mayi wa pachipata anaiona, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti takulandirani kwanu achimwene. Kenako anandidindira masiku 30. Ndinatuluka panja pa bwalo la ndege ndikulira, m'bale wanga yemwe anabwera kudzanditenga anayesa kuti kwagwa zovuta. Sikuti mayiyo analakwa, anachita ntchito yake mwaulemu. Koma kuuzidwa kuti masiku ako okhala kwanu awerengedwa, zimapweteka.

Gogo_Nasibeko
Paja amati mlendo ndi mame. Tsono munthu n'kusanduka mame pakhomo pa amake.

KapitaoWaKuNdirande
Ine sindikunyoza ayi, koma tiyeni tinene zoona. Ife otsala kuno tikafuna pasipoti imodzi yokhayo timagona pa mzere. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata ambiri, a Pulezidenti Chakwera mpaka anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta ake alowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Anthu anataya mwayi wa sukulu kunja, ena wa ntchito, ena wa chipatala. Ndiye wina ali kale ndi yake ya UK yoyendera dziko lonse, akubwera kudzaima pa mzere womwewo kuti atenge yachiwiri. Mtima umawawa.

Amai_a_Tamanda_Jhb
A Kapitao, kuwawa kwa mtimako ndikukumva. Mchemwali wanga naye anadikira nthawi yomweyo. Koma mzere ukatalika, wolakwa si munthu amene waima kumbuyo kwanu.

KapitaoWaKuNdirande
Chabwino mayi, pamenepo mwanena. Komabe nkhawa yanga ndi malo. Akabwera ndi mapaundi awo, puloti ya ku Chileka kapena ku Area 49 ife sitiikwanitsanso.

Mlembi_wa_Kale
Nkhani ya malo yomwe mwaiyambitsayi, a Kapitao, ndi chifukwa chinanso choti achemwali athu akonze mapepala awo. Lamulo la malo linasinthidwa mu 2022 ndipo linakhwimitsa kwambiri za kugulitsa malo kwa munthu yemwe si nzika. Ndiye munthu wobadwira ku Zomba, yemwe pa pepala anasiya kukhala nzika, akhoza kudzakumana ndi chipsinjo tsiku lomwe akufuna kulembetsa malo m'dzina lake. Bambo atisiya, nkhani za munda ndi nyumba zibwera posachedwa m'banjamo.

NaZomba_Leeds
Zabwera kale. Amalume ayamba kufunsa za munda wa kudimba. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Banda_waKuKadoma
Moni abale anga. Ine nkhani yanga ndi yotembenuka. Bambo anga anachoka ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito ku migodi kuno, ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe. Kwa zaka zambiri chitupa changa chinali ndi chizindikiro choti ndine mlendo, chonsecho dziko lina sindinalidziwepo. Mu 2001 anakhwimitsa lamulo, anatiuza kuti tikakane unzika wa Malawi womwe sitinaugwirepo ndi manja. Ambiri a ife sitinathe kuvota. Zinasintha ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, omwe anati wobadwira kuno yemwe kholo lake linachokera ku dziko la SADC ndi nzika yobadwa nayo. Lero ndili ndi pasipoti ya Zimbabwe. Ndikamapita ku Ntcheu ndimakwera basi kudzera pa Nyamapanda, kudutsa ku Tete, n'kulowera pa Dedza kapena pa Mwanza. Viza sindilipira poti ndife a SADC, koma nanenso amandiwerengera masiku. Kumudzi amanditchula kuti Mzimbabwe, kuno ankatitchula kuti achilendo. Ndiye achemwali a ku Leeds, pepala likonzeni mudakali ndi mphamvu ndiponso mayi anu adakali moyo kuti akuchitireni umboni. Ine bambo anga anamwalira osandisiyira kapepala kalikonse kosonyeza mudzi wawo, mfumu yawo ndinachita kufunsa kwa anthu.

Gogo_Nasibeko
A Banda, mwandikumbutsa achimwene anga omwe anapita ku Salisbury ine ndili kamtsikana, osabweranso. Tinkangoti anatchona. Mwina ana awo ali konko ngati inuyo, sakudziwa njira ya kwawo.

Banda_waKuKadoma
Alipo ambiri agogo. Ku Mbare, ku Mufakose, m'mafamu ndi m'migodi. Gule wamkulu timavina kuno mpaka lero.

Mbiya_ya_Dowa
Gule wa kumeneko amavala ngati wa kwathu kuno? Ndinamva kuti nyimbo zake zinasakanikirana ndi Chishona.

Banda_waKuKadoma
Nyimbo zambiri ndi za Chichewa ndithu, ngakhale anyamata ena amaimba osamva tanthauzo lake lonse. Ng'oma ndi zomwezo.

Tembo_Chipata
Tibwerere ku pasipoti. Kuno ku Zambia tinaloledwa unzika wa mayiko awiri mu 2016, atasintha malamulo aakulu a dziko. Ndipo nafenso n'chimodzimodzi ndi zomwe anena a Mlembi: amene anataya unzika kale chifukwa chotenga wa dziko lina ayenera kupempha ku bungwe loona za unzika kuti amubwezere. Suubwerera wokha. Mlongo wanga wa ku Canada anayesa kuti lamulo likangosintha ndiye kuti zatha, anafika pa bwalo la ndege ndi pasipoti yakale, zinamuvuta. Chinanso choti muchenjere nacho ndi chidindo. Ine ndimadutsa pa Mwami kupita ku Mchinji kawirikawiri. Pa chipata cha pamtunda amafuna kuona chidindo chotulukira mbali inayo. Ukatuluka ku Zambia ndi pasipoti iyi n'kufuna kulowa ku Malawi ndi inayo, amakufunsa kuti wachokera kuti poti m'bukumu mulibe chidindo. Uyenera kuonetsa onse awiri ndi kufotokoza bwinobwino.

Amai_a_Tamanda_Jhb
Zoona zimenezo. Ndipo chachikulu n'chakuti dziko lomwe walowa ndi pasipoti iyi, utulukemo ndi yomweyo. Mwana wa mnzanga analowa ku Malawi ndi ya kuno, ali konko anatenga ya Malawi yatsopano, potuluka n'kuonetsa yatsopanoyo chifukwa chokondwa nayo. Mu kompyuta zinaoneka ngati mlendo uja analowa koma sanatuluke. Ulendo wotsatira anachedwa maola angapo pachipata akufotokoza.

NaZomba_Leeds
Apa mwandithandiza, chifukwa ndimaganiza zomwezo: ndilowe ndi ya UK, ndikakonze zonse ndili konko, ndidzatuluke ndi ya Malawi.

Mlembi_wa_Kale
Mukalowa ndi ya UK mudzatuluke ndi ya UK, ngakhale ya Malawi itatuluka muli konko. Yatsopanoyo idzayambe ntchito ulendo wotsatira. Ndipo kumbukirani kuti pobwerera ku Leeds a kampani ya ndege adzafuna kuona ya UK nthawi zonse. Pasipoti ya Malawi payokha imafuna viza kuti munthu alowe ku UK, ndipo nzika ya UK siipatsidwa viza ya dziko lake lomwe. Ndiye ya UK isamatsale kunyumba ngakhale mutadzakhala ndi ziwiri. Tikiti nayo igulidwe m'dzina lomwe lili pa pasipoti yomwe mudzaonetse kwa a ndege, chilembo ndi chilembo.

Nachisale_Luton
Pa nkhani ya dzinayo ndiyankhe ine chifukwa inandigwera. Ofesi ya mapasipoti ya kuno ku UK imafuna kuti dzina la pa pasipoti yawo lifanane ndi la pa pasipoti ina iliyonse yomwe uli nayo. Pokonzetsa amakufunsa ngati uli ndi ya dziko lina ndipo amafuna kuiona. Ndiye mukadzapangitsa ya Malawi m'dzina la bambo anu, pamene ya UK ili m'dzina la amuna anu, vuto lidzatulukira tsiku lokonzetsa ya UK. Ganizirani kaye dzina lomwe mukufuna kukhala nalo, mapepala onse ayende m'dzina limodzi. Setifiketi ya ukwati muitenge paulendowu, yeniyeni osati fotokope.

NaZomba_Leeds
Dzina la bambo anga ndi lomwe ndimafuna litsale pa pepala limodzi lokha. Makamaka panopa.

Nachisale_Luton
Ndikumvetsa achemwali. Ine ndinasankha kuika maina onse awiri pamodzi, la kwathu ndi la amuna anga, pa mapepala onse. Zinatenga nthawi koma zinatheka.

Chikopa77
Koma abale, zonsezi n'zofunikadi? Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa mayiko 79, UK ndi America zili momwemo. Ine ndinalowa ulere. Ndiye ndivutikirenji ndi mafomu ndi ndalama za unzika pamene ndikhoza kumangopita ngati mlendo?

Phiri_wa_Indiana
A Chikopa, chomwe boma lapereka ndi chilengezo likhoza kuchichotsanso ndi chilengezo. Kumbukirani kuti kale a pasipoti ya UK ndi America ankalowa popanda viza, kenako mu 2015 anayamba kulipira madola 75. Mu 2024 anachotsanso. Zimenezi zimatembenuka malinga ndi boma lomwe lilipo ndi mmene chuma chilili. Aliyense woyenda ndi pasipoti yakunja afunse za viza sabata yomwe akugula tikiti, asadalire zomwe mnzake anaona chaka china. Nzika ndiye siifunsidwa viza kapena kuwerengeredwa masiku.

Chikopa77
Komabe ine ya Malawi sindikuifuna. Ndikakhala ndi ya UK yokha, chikandigwera ku Malawi kazembe wa UK andithandiza.

Mlembi_wa_Kale
Pamenepo a Chikopa mwanena chinthu choona, ndipo ndi bwino aliyense achidziwe asanasankhe. Boma la UK limanena poyera kuti munthu wa unzika wa mayiko awiri akakhala m'dziko lake linalo, silingamuteteze ngati mmene lingatetezere nzika yake ina. Mfundo imeneyi ndi yakale pakati pa mayiko, inalembedwa m'pangano la ku The Hague la 1930. Ukakhala Mmalawi uli ku Malawi, ndiwe Mmalawi basi, malamulo onse a dziko akukhudza ngati wina aliyense. Ndiye unzika wachiwiri uli ndi mtolo wake. Kwa munthu wongopita masabata awiri kunyanja, mwina n'zosafunika. Koma kwa munthu yemwe mayi ake akudwala, yemwe tsiku lina adzaimbiridwa foni usiku n'kufuna kukakhala osadziwa tsiku lobwerera, ine ndikuona kuti n'zofunika.

KapitaoWaKuNdirande
Nanga akatenga ziwirizo akhoza kudzaimanso pa chisankho? Tisadzaone phungu wokhala ku Leeds.

Mlembi_wa_Kale
Malamulo aakulu a dziko amaletsa munthu yemwe ali ndi lumbiro lomvera dziko lina kukhala phungu kapena mtsogoleri wa dziko. Koma achemwali athuwa akufuna kukasamala mayi awo, sanakambe za mpando.

Mbiya_ya_Dowa
Mukamabwera mudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi? Ndamva kuti matikiti a Ogasiti akwera kwambiri.

Nachisale_Luton
Ogasiti ndi Disembala n'chimodzimodzi, ana akatsekera sukulu kuno mitengo imapenga. Gulani msanga. Ndipo mukadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukhalitsa pa bwalo la ndege kupitirira maola 12, akhoza kukufunsani kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever mukafika. Onani kutalika kwa nthawi yodikirayo musanalipire.

Gogo_Nasibeko
Ndipo Ogasiti ku Zomba kumazizirabe m'mawa, anawo muwatengere majuzi. Musaganize kuti poti achokera ku UK ndiye kuti sakamva mphepo ya m'phiri.

NaZomba_Leeds
Zikomo agogo, ndiwatengera. Tsono za anawo ndiye ndimafuna ndifunsenso. Woyamba anabadwa mu 2010, wachiwiri mu 2017. Onse anabadwira kuno, bambo awo ndi a kuno, onse ali ndi mapasipoti a UK. Kodi iwowa ndi Amalawi?

Mlembi_wa_Kale
Paulendo uno onse alowa ndi a UK, palibe chovuta. Koma pa za unzika, ana anu awiriwa sali pa mzere umodzi. Wa 2010 anabadwa inu mudakali nzika ya Malawi, ndiye ali ndi poyambira kudzera mwa inu. Wa 2017 anabadwa inu mutalumbira kale ku UK. Mukamakalemba za inuyo, mukafunse za mwana aliyense payekha, mutanyamula masetifiketi awo obadwira aatali aja olembedwa maina a makolo. Musalole kuti wina akuyankheni mwachidule kuti ana onse n'chimodzimodzi.

Amai_a_Tamanda_Jhb
Ndipo poti anawo adzabwerera ndi bambo awo okha inu mutatsala, alembereni kalata yosonyeza kuti mwavomereza, musaine, muikepo nambala yanu ya foni. Kuno ku South Africa kuyambira 2015 anakhwimitsa kwambiri za ana oyenda ndi kholo limodzi. Anafewetsako mu 2019 kwa ana a mapasipoti akunja, koma wa pachipata m'dziko lililonse ali ndi ufulu wofunsa akaona mwana ali ndi kholo limodzi. Kalata siilemera m'chikwama.

Banda_waKuKadoma
Mukafika kumudzi mukawatengere anawo kwa amfumu akawaone. Akawalembe m'kaundula wa mudzi ngati n'kotheka. Zimene ine ndinasowa ndi zimenezo.

NaZomba_Leeds
A Banda, mawu anuwa ndawasunga. Wachiwiriyu agogo ake aamuna sanamuonepo ndi maso, ankangomuona pa foni.

Tembo_Chipata
Nanga chitupa cha unzika muli nacho? Ku Malawi kalembera wamkulu anachitika mu 2017, inu munali kunja.

NaZomba_Leeds
Ndilibe. Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa wachiwiriyu.

Mlembi_wa_Kale
Ndiye mndandanda wake ndi uwu achemwali, ndipo sungadumphidwe: unzika ubwezeretsedwe kaye, kenako chitupa cha ku NRB, bungwe lopereka zitupa za unzika, pomaliza pasipoti, chifukwa masiku ano pofunsira pasipoti amayambira pa chitupacho. Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti munabadwira ku Zomba ndiponso kuti makolo anu ndi Amalawi: pasipoti yakale ija musaitaye, ndi umboni wamphamvu, setifiketi ya kulumbira kwanu ku UK yosonyeza tsiku, chitupa cha mayi anu, dzina la mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Lemberani ku ofesi ya kazembe ku London sabata ino, akuuzeni mafomu ndi ndalama zomwe zikufunika panopa. Ndalamazo mukalipire ku ofesi kapena ku banki yomwe akuuzani, mulandire lisiti. Munthu wokumana naye panja pa geti wonena kuti akufulumizitsirani, mumupewe.

Chikopa77
Madobadoba amenewo anandidyera ndalama ine mu 2018. Anatenga ndalama ndi zithunzi, foni yake n'kuzima.

KapitaoWaKuNdirande
Amenewo ndiye amatidyera tonse, wa kunja ndi wa kuno yemwe. Achemwali a ku Leeds, mawu anga oyamba aja anali olemera, pepani. Mukafika ku Blantyre, ofesi ya Immigration ili m'tauni momwemo, muzikafika m'mamawa.

NaZomba_Leeds
Palibe kanthu a Kapitao, ndamva. Tsono chatsala ndi miyezi inayi ija. Ngati za unzika sizitha ndisananyamuke, ndichite bwanji ndi mwezi wachinayiwo?

Chikopa77
Ena amangotuluka pa Mchinji kukagona ku Chipata usiku umodzi n'kubwerera, masiku n'kuyambiranso.

Tembo_Chipata
Amaterodi, timawaona kuno. Koma wa pachipata si mwana, amaona zidindo. Akhoza kukulolani, akhozanso kukukanizani, ndipo mukakanizidwa mwatsala ku Chipata mayi anu ali ku Zomba. Ine sindingamuuze mlongo wanga kuti adalire zimenezo.

Mlembi_wa_Kale
Ndikugwirizana ndi a Tembo. Gulani tikiti yobwerera isanakwane masiku 90, yoti ikhoza kusinthidwa. Mukafika, tsiku lomwe adinda m'pasipoti mulilembe penapake, ndipo mukawonjezetse masiku lisanakwane, osadikira tsiku lomaliza, chifukwa pa chiliza ndi pa matenda masiku amathamanga munthu osazindikira. Muli konko mukafotokozere a Immigration za matenda a mayi ndi za pempho lanu la unzika, muli ndi lisiti m'manja, iwo akuuzeni chomwe chingatheke. Akapanda kukupatsani chilolezo cholembedwa, tulukani masiku asanathe. Kupitiriza masiku kumabweretsa chindapusa, komanso kungadetse pempho lomwe mukulifunalo.

Phiri_wa_Indiana
Ine ndinayamba zanga chaka chatha. Chomwe chinandichedwetsa ndi setifiketi yobadwira, poti ife a m'zaka za m'ma 1970 ambiri tinabadwira kumudzi popanda pepala. Anandithandiza ndi kalata ya amfumu ndi umboni wa azakhali anga. Ndiye poti mukupita konko, zoterezi mukatolere muli pafupi ndi anthu ake.

NaZomba_Leeds
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Usiku uno ndatulutsa pasipoti yakale ija m'sutikesi. M'kati mwake ndapezamo kapepala ka dzanja la bambo anga, analembapo dzina la mudzi wathu ndi la amfumu, anandipatsa tsiku lomwe ndinkapita kukapangitsa pasipoti yanga yoyamba. Mawa ndilembera ku London. Tikiti ndigula ya masiku 88, ndilowa ndi kutuluka ndi ya UK, ndipo setifiketi ya ukwati ndi za ana ndaziika kale m'chikwama. A Nachisale, ndikulemberani kumbali mundiuze mmene munachitira ndi maina awiri aja.

Nachisale_Luton
Lembani achemwali, ndikaweruka 8 koloko ndikuyankhani.

Gogo_Nasibeko
Mukafika mukatipatsire moni kwa mayi. Chilizacho ndi tsiku liti, kuti tidzakukumbukireni m'pemphero?

NaZomba_Leeds
Loweruka lachitatu la Ogasiti, agogo.